Meya sitimuvotera: zoyenera kudziwa wa ku Matawale zotsatira zikatuluka

Pa 16 Seputembala 2025 aliyense amene anakavota analandira mapepala atatu: la mtsogoleri wa dziko, la phungu wa Nyumba ya Malamulo, ndi la khansala. Pepala la meya panalibe. N'chifukwa chake anthu ambiri a ku Matawale, ku Chinamwali, ku Sadzi ngakhale ku Chikanda amadabwa pakapita milungu ingapo akamva pa wailesi kuti mzinda wa Zomba uli ndi meya, wavala kale mkanjo ndi tcheni m'khosi, iwo osakumbukira tsiku limene anamuchonga. Sikuti anaiwala ayi. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 limati meya ndi wachiwiri wake amasankhidwa ndi khonsolo, kuchokera pakati pa makhansala omwewo. Munthu sangakhale mfumu ya mzinda wa Zomba asanapambane kaye mu wodi yake, ndipo amene amamukweza pampandowo ndi anthu ochepa kwambiri, okwana m'chipinda chimodzi.

Tsono pepala lachitatu lija, limene ambiri timachonga mothamanga miyendo itatopa ndi mzere, mwina tikungoyang'ana chizindikiro cha chipani osawerenga n'komwe dzina, ndi limene limatipatsa anthu osankha meya. Ndi limenenso limatipatsa anthu ovomereza bajeti ya mzinda, okhazikitsa mtengo wa chiphaso cha pamsika, ndi onena msewu woyamba kukonzedwa mvula ikatha. Kwa mayi wogulitsa tomato pa Matawale, chisankho chapafupi kwambiri ndi moyo wake wa tsiku ndi tsiku ndi chimenechi, ngakhale kuti ndi chimene sichimveka phokoso.

Kwa anzathu a ku Zambia zinthu zinasintha. Kuyambira 2016 anthu a ku Chipata ndi ku Lusaka amavotera meya mwachindunji, dzina lake lili papepala. Ine ndimaona kuti njira imeneyo ili ndi ubwino wake, chifukwa meya wosankhidwa ndi mzinda wonse amadziwa kuti ngongole yake ili kwa anthu, pomwe wosankhidwa ndi anzake m'chipinda amayamba kuganizira anzakewo ndi chipani chimene chinawamanga pamodzi. Koma lamulo lathu silinafike pamenepo, ndipo tiyenera kudziwa kugwiritsa ntchito limene lilipoli.

Khansala amakhala pampando zaka 5, koma meya amakhala zaka ziwiri ndi theka zokha, kenako khonsolo imavotanso. N'chifukwa chake maina amasinthasintha: Joana Ntaja anasankhidwa mu 2014, pambuyo pake anabwera Melia Douglas, ndipo Zomba inakhala ndi mameya awiri achizimayi motsatizana. Mu 2019 anasankhidwa Benson Bulla, yemwe anatsatiridwa ndi Davie Maunde. Ntchito ya meya ndi kutsogolera msonkhano wa khonsolo yonse ndi kuimira mzinda pamaso pa boma ndi alendo. Si iye amene amalemba anthu ntchito tsiku ndi tsiku kapena kusunga mabuku a ndalama. Zimenezo zili m'manja mwa mkulu woyendetsa ntchito za khonsolo pamodzi ndi akuluakulu a nthambi za chuma, zomangamanga, zaumoyo ndi mapulani, omwe ndi ogwira ntchito olembedwa, osati ovoteredwa. Makhansala amagamula, ogwira ntchito amachita. Izi zikasokonekera, khansala n'kuyamba kugawa yekha malo amsika, kapena wogwira ntchito n'kuwononga ndalama zimene khonsolo sinavomereze, lamulo laphwanyidwa.

Ulendo wa voti yanu

Kuvota kukatsekedwa, mabokosi sanyamulidwa kupita kwina. Mavoti amawerengedwa pomwepo pamalo oponyera voti, pamaso pa mamonitala a zipani, a oyima paokha, ndi owonerera zisankho. Ziwerengero zimalembedwa pa fomu, mamonitala amasaina ndi kulandira kope lawo, ndipo lina limamatidwa poonekera kuti aliyense aliwerenge. Kuchoka apo zotsatira zimapita kumalo ophatikizira mavoti a dera, kenako a boma, mpaka kumalo aakulu a dziko lonse, amene mu 2025 anali ku BICC ku Lilongwe.

Fomu ya pamalo oponyera voti ija ndiyo muzu wa zonse, ndipo Amalawi tinaphunzira zimenezi mowawa. Chisankho cha mtsogoleri wa dziko cha pa 21 Meyi 2019 chinathetsedwa ndi majaji asanu pa 3 Febuluwale 2020, ndipo china mwa zifukwa zake chinali mafomu ofufutidwa ndi Tipp-Ex, ena osasainidwa, ena olembedwa pa mapepala osayenera. Bwalo la Supreme linagwirizana ndi chigamulocho pa 8 Meyi, ndipo tinavotanso pa 23 Juni 2020. Umboni wina wa mlanduwo unachokera m'makope amene mamonitala anasunga. Pa chisankho cha khansala phunziro limeneli ndi lofunika koposa, pakuti wodi imakhala ndi malo oponyera voti owerengeka, ndipo munthu akhoza kupambana ndi mavoti makumi angapo chabe. Aliyense wokhala ndi cholembera angathe kuyenda malo onse a mu wodi yake m'mawa mwake, kukopera ziwerengero zomatidwazo, n'kuphatikiza yekha. Lamulo silikuletsani kutero.

Lamulo la zisankho la 2023, limene linaphatikiza malamulo a zisankho zitatu zonsezi, limapatsa bungwe loyendetsa zisankho la MEC masiku 8 kuti lilengeze zotsatira za mtsogoleri wa dziko, masiku 14 za aphungu, ndi masiku 21 za makhansala. Taonani mmene zinayendera mu 2025. Wapampando wa MEC, Justice Annabel Mtalimanja, analengeza pa 24 Seputembala kuti Peter Mutharika wapambana, ndipo analumbiritsidwa pa 4 Okutobala. Masiku 21 a makhansala ankathera m'sabata yomwe makutu a dziko lonse anali atatembenukira kale ku nkhani yoti nduna zikhala ndani. Zotsatira zimene zimakhudza ngalande ya kuseri kwa nyumba yanu zimatuluka anthu atatopa nazo zisankho, ndipo pamenepo ndi pomwe zolakwika zimadutsa popanda wozifunsa.

China choyenera kumvetsa n'chakuti lamulo loti wopambana apeze mavoti oposa theka limagwira ntchito kwa mtsogoleri wa dziko yekha. Khansala ndi phungu amapambana akangoposa anzawo, ngakhale ndi voti imodzi. Tiyerekeze kuti mu wodi mwaima anthu asanu: wina akhoza kupambana ndi mavoti 30 mwa 100 alionse, pomwe 70 anafuna ena. Wapambana movomerezeka, palibe chinyengo. Koma kuyambira tsiku lolumbira ndi khansala wa anthu 100 onsewo, kuphatikizapo amene anamunyoza pa kampeni ndi amene sanapite n'komwe kukavota. Khansala wonena kuti "dera ilo silinandivotere, lidikire" sakudziwa ntchito yake, ndipo nzika yoganiza kuti ilibe mawu chifukwa munthu wake anagwa ikudzilanda yokha ufulu.

Mukaona kuti china chake sichinayende bwino

Madandaulo ali ndi makomo awiri, ndipo ambiri amagogoda mochedwa kapena pakhomo lolakwika. Khomo loyamba ndi la MEC. Wovota aliyense amene ali pamalo oponyera voti ali ndi ufulu wofunsa ndi wopereka dandaulo lolembedwa, ndipo woyang'anira malowo saloledwa kukana kulilandira. Likapanda kuthetsedwa pamenepo limakwera mpaka kwa makomishonala. Gawo 76 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa MEC ntchito yoweruza madandaulo a zisankho, ndiponso limapatsa wodandaula mwayi wokachita apilo ku bwalo lalikulu la milandu ngati sanakhutire.

Mawu ofunika apa ndi akuti "lolembedwa". Kukuwa pabwalo la sukulu kuti atibera, kapena kutumiza mawu pa WhatsApp, sikulowa m'kaundula aliyense. Dandaulo lizinena malo, nthawi, chimene chinachitika, ndi amene anaona. Musunge kope lanu.

Khomo lachiwiri ndi la bwalo lalikulu la milandu, pamene zotsatira zalengezedwa kale. Apa nthawi ndi yothina kwambiri: masiku 7 okha kuchokera tsiku lolengeza, kuwerengera Loweruka, Lamlungu ndi masiku atchuthi. Wopita kukhoti ndi amene anaima nawo pa chisankhocho, kapena womuimira. Ife a ku Zomba tili ndi mwayi woti bwalo lalikulu lili mumzinda momwe muno, komanso ofesi ya Legal Aid Bureau yothandiza osakwanitsa kulipira loya. Khoti likapeza kuti zolakwika zinasokoneza chisankho, lingathe kuchithetsa n'kulamula chachibwereza. Koma khoti limafuna umboni, osati mkwiyo, ndipo umboniwo ndi mafomu aja, ndi anthu okonzeka kuima m'bokosi n'kunena zimene anaona ndi maso awo. Kugenda galimoto, kuotcha nyumba ya wopambana kapena kuopseza ogwira ntchito a MEC ndi milandu yomangitsa, ndipo sikusintha chiwerengero ngakhale chimodzi.

Zaka 9 zopanda khansala

Achinyamata amene anavota koyamba mu 2025 angaganize kuti makhansala akhalapo nthawi zonse. Si choncho. Chisankho choyamba cha makhansala mu ulamuliro wa zipani zambiri chinachitika mu Novembala 2000, patapita zaka 6 chiyambire ulamulirowo, ndipo amene anakavota anali pafupifupi 14 okha mwa olembetsa 100 alionse. Nthawi ya makhansala amenewo itatha mu 2005, boma la Bingu wa Mutharika linakhala likukankhira chisankho kutsogolo, ndipo chinadzachitika pa 20 Meyi 2014 pomwe tinavota zisankho zitatu pamodzi kwa nthawi yoyamba.

Zomba, yomwe inali likulu la dziko mpaka 1975 ndiponso kwawo kwa Nyumba ya Malamulo mpaka 1994, inakwezedwa kukhala mzinda mu 2008, mkati mwa zaka zimenezo. Tinakhala mzinda wopanda meya, wopanda khansala ngakhale mmodzi, kwa zaka 6. Misonkho inkatoleredwa, ziphaso zamsika zinkadulidwa, mapuloti ankagawidwa, koma panalibe munthu wosankhidwa ndi anthu woti afunse kuti ndalamazo zapita kuti. Ndipo dziko silinagwedezeke. Anthu anadandaula, mabungwe ndi mipingo analankhula, koma kunalibe chipwirikiti chonga chimene chikanabuka chikanakhala chisankho cha aphungu chimene chaimitsidwa. Ndikaganiza za anthu 14 mwa 100 aja, ndimaona kuti andale anawerenga bwino mtima wathu: anadziwa kuti chinthu chimene sitinachilabadire angatilande osaopa.

Mu 2010, makhansala kulibe, lamulo la maboma aang'ono linasinthidwa. Mawodi anachepetsedwa kuchoka pa oposa 800 kufika pa 462, nduna inapatsidwa mphamvu yosankha akuluakulu oyendetsa makhonsolo, ndipo aphungu analoledwa kuvota m'misonkhano ya khonsolo. Malire atadulidwanso chisankho cha 2025 chisanachitike, madera a aphungu anakwera kuchoka pa 193 kufika pa 229, ndipo mawodi anafika pa 509.

Nkhani ya aphungu kuvota m'khonsolo si yaing'ono, makamaka mumzinda wa mawodi ochepa ngati Zomba, momwe voti imodzi kapena ziwiri zikhoza kusintha meya. Ikugwirizananso ndi thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu la CDF, limene linayamba mu 2006 ndi ndalama zochepa n'kukula mpaka K200 miliyoni pa dera lililonse m'chaka cha boma cha 2024/25. Ndalamazi zimadzera ku khonsolo, koma kwa zaka zambiri mawu omaliza anali a phungu. Bungwe la makhonsolo la MALGA linapita kukhoti, ndipo mu Meyi 2025 bwalo lalikulu, litakhala ngati bwalo lotanthauzira malamulo oyendetsera dziko, linagamula kuti kuvota kwa aphungu m'makhonsolo ndi kuyendetsa kwawo thumbali n'zotsutsana ndi malamulowo, chifukwa wopanga malamulo ndi wolondoloza ndalama za boma sangakhalenso wozigwiritsa ntchito. Aphungu ambiri sanakondwe nacho chigamulocho, ndipo mkanganowu ndi wofunika kuutsatira. Kwa inu ndi ine mfundo yake ndi iyi: mlatho kapena chipinda cha sukulu chomangidwa ndi CDF si mphatso ya phungu kapena ya khansala. Ndi msonkho wanu umene wabwerera, ndipo muli ndi ufulu wodziwa mtengo wake ndi dzina la kontirakitala.

Khomo loyenera kugogoda

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 105,000 mumzinda wa Zomba. Onsewa amatumikiridwa ndi maofesi osiyanasiyana, ndipo khansala amanyozedwa kawirikawiri pa zinthu zimene si zake, kwinaku akupulumuka pa zimene zili zakedi. Khonsolo ya mzinda ndi yosiyana ndi khonsolo ya boma la Zomba, ngakhale zonse zili m'tauni momwemo. Madzi ochokera ku damu la Mulunguzi paphiri amayendetsedwa ndi Southern Region Water Board. Magetsi ndi a ESCOM. Msewu waukulu wa M3 wochokera ku Blantyre kupita ku Liwonde uli m'manja mwa Roads Authority. Chipatala cha Matawale chili pansi pa ofesi ya zaumoyo ya boma la Zomba. Pa zonsezi khansala angathe kukulankhulirani, ndipo ayenera kutero, pakuti Gawo 146 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa makhonsolo ntchito yoimira anthu ndi kufikitsa nkhawa zawo ku boma. Koma sangalamule.

Zimene zili za khonsolo ya mzinda ndi izi zimene timapunthwa nazo tsiku ndi tsiku: kuchotsa zinyalala, misika ndi zimbudzi zake, misewu ya m'malokeshoni ndi ngalande, magetsi a mumsewu, madepoti, manda, ozimitsa moto, ziphaso za bizinesi ndi za mowa, sukulu za pulayimale za mumzinda, ndi kuvomereza mapulani a nyumba. Nkhani ya mapulaniyi anthu amaiona ngati yovutitsa, koma amene anaona zimene namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023 m'chigawo chakummwera amadziwa tanthauzo la kumanga m'mphepete mwa mtsinje kapena m'munsi mwa phiri lodulidwa mitengo. Khonsolo ikalekerera nyumba m'mbali mwa Likangala ndi Mulunguzi chifukwa choopa kutaya mavoti, kapena chifukwa wina walandira kangachepe, imakhala ikuika miyoyo pachiswe. Limeneli ndi funso loyenera kufunsa khansala wanu maso ndi maso.

Ufulu umene sutha tsiku lovota

Malamulo oyendetsera dziko a 1994 anali ndi Gawo 64, lolola anthu kuchotsa phungu amene sakuwatumikira nthawi yake isanathe. Aphungu analifafaniza mu 1995, ndipo mpaka lero wovota alibe njira yoitanitsira chisankho china chifukwa chongokhumudwa ndi phungu kapena khansala. Chisankho chapadera chimachitika mpando ukakhala wopanda munthu, monga pa imfa, kutula pansi udindo kapena chigamulo cha khoti. Choncho amene mwasankha ndi wanu mpaka 2030. Chimene chatsala m'manja mwanu ndi kumuyang'anitsitsa, ndipo lamulo lakupatsani zida zokwanira, kungoti zambiri zimachita dzimbiri posagwiritsidwa ntchito.

Misonkhano ya khonsolo ndi yotseguka kwa anthu ndi atolankhani, kupatula pamene khonsolo yagamula kukambirana nkhani inayake mwachinsinsi pa chifukwa chomveka. Simufunika kukhala mfumu, wachipani kapena woitanidwa. Simuvota ndipo simulankhula popanda chilolezo, koma mumamva ndi makutu anu ngati khansala wanu anatchulako za ngalande ya kwanu, kapena anangokhala duu mpaka nthawi yosainira alawansi. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Zambiri zimene timamva za khonsolo ndi zongouzidwa ndi khansala yemweyo kapena ndi adani ake. Ntchito yeniyeni imaphikidwa m'makomiti: ya zachuma, ya chitukuko, ya zomangamanga, ya maphunziro, ya zaumoyo ndi zachilengedwe, ndi ya ogwira ntchito. Funsani khansala wanu kuti ali mu komiti iti. M'khonsolo mumakhalanso anthu asanu osavota oimira magulu apadera monga amayi, achinyamata ndi aulumali, ndipo nawonso ndi khomo lofikitsira nkhani.

Chida champhamvu kwambiri ndi ufulu wopeza uthenga. Gawo 37 la malamulo oyendetsera dziko limautchula, ndipo lamulo lake lapadera, limene linasainidwa mu 2017, linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Khonsolo ndi imodzi mwa nthambi zomangidwa ndi lamuloli. Mungathe kupempha kuona bajeti ya chaka chino, ndalama zimene zinatoleredwa pamsika mwezi watha, mgwirizano wa kontirakitala amene anakonza msewu n'kukumbika mvula yoyamba, kapena zolemba za msonkhano umene unagamula nkhani inayake. Ofesi iliyonse iyenera kukhala ndi wogwira ntchito wolandira mapempho otere, ndipo iyenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Wosadziwa kulemba angapemphe pakamwa, wogwira ntchitoyo n'kumulembera. Akakana kapena akangokhala chete, nkhani imapita ku bungwe loona za ufulu wa anthu la MHRC, lomwe ndi loyang'anira lamuloli. Kalata yotere imalemera kwambiri ikachokera ku komiti ya msika, gulu la akabaza, mpingo, mzikiti kapena komiti ya chitukuko ya mu wodi, chifukwa n'kovuta kunyalanyaza anthu makumi asanu amene asaina pamodzi.

Khonsolo ikapanga chiganizo chokukhudzani inuyo panokha, monga kukulandani benchi pamsika, kukukanizani chiphaso kapena kulamula kuti nyumba yanu igwetsedwe, Gawo 43 limati chiganizocho chikhale chotsata lamulo, chachilungamo, ndipo mupatsidwe zifukwa zake molemba. Mawu oti "alamula ndi akuluakulu" si chifukwa. Mukachitiridwa nkhanza yotere ndipo mulibe ndalama ya khoti, ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo ulere. Wina akakupemphani ndalama ya m'thumba kuti fayilo yanu iyende, imeneyo ndi nkhani ya bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB. Dziwaninso kuti lamulo la 2013 lokhudza kulengeza chuma limakhudza makhansala ndi mameya: ayenera kulemba katundu ndi mabizinesi awo akangolowa ntchito, ndipo khansala amene kampani yake kapena ya m'banja mwake ikufuna ntchito ya khonsolo ayenera kuulula ndi kusatenga nawo mbali pa chiganizocho.

Malamulo aang'ono a mzinda, monga a malo ochitira malonda, a phokoso, a nthawi yotsekera mabala kapena a ziweto, amapangidwa ndi khonsolo n'kuvomerezedwa ndi nduna. Asanavomerezedwe amayenera kuikidwa poyera kuti wotsutsa atsutse. Mavenda ambiri amadziwa za lamulo latsopano tsiku limene katundu wawo wakwezedwa m'galimoto ya khonsolo, pomwe nthawi yolankhula inali miyezi ingapo m'mbuyomo. Zonse zikakanika, Gawo 38 limalola kusonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere. Lamulo la apolisi limafuna kuti okonza adziwitse akuluakulu a boma ndi apolisi maola osachepera 48 zisanachitike. Kumeneku ndi kudziwitsa, osati kupempha chilolezo, koma okonzawo adziwe kuti katundu wa anthu akaonongeka, mlandu ungawagwere.

Mbali yathu

Pali chinthu chimene timachita ife eni chimene chimaononga makhansala abwino. Munthu akangopambana, pakhomo pake pamadzaza m'mamawa: wina akufuna bokosi la maliro, wina fizi, wina galimoto yopita kuchipatala. Mavutowo ndi enieni, ndipo sindikunyoza wosauka amene wasowa kolowera. Koma khansala salandira malipiro onga a phungu. Amapatsidwa kandalama ka pamwezi ndi ka misonkhano. Tikamuyesa ndi kuchuluka kwa mabokosi amene wagula, tikumuuza kuti akapeze ndalama kwina, ndipo kwinako nthawi zambiri ndi kwa kontirakitala kapena pa mapuloti a khonsolo. Kenako timadabwa msewu ukakumbika. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa ofuna mipando kugawa ndalama ndi katundu pokopa mavoti, ndipo linachita bwino, koma lamulolo lidzapuwala ngati ovota tipitiriza kuona wogawa ngati wachifundo ndi wokana kugawa ngati woumira.

Chinanso ndi misonkho. Galimoto yotola zinyalala imayendera mafuta, ndipo mafutawo amagulidwa ndi msonkho wa nyumba ndi malo, ziphaso za misika ndi za mabizinesi, kuonjezera pa ndalama zochokera ku boma kudzera ku komiti ya zachuma ya maboma aang'ono. Eni nyumba ambiri amati sitilipira chifukwa sitiona ntchito, khonsolo nayo imati sitigwira ntchito chifukwa simulipira. Mkangano umenewu ungathe kutha zaka, zinyalala zikuunjikana. Malangizo anga ndi oti lipirani, tengani lisiti, ndipo lisitilo likhale poyambira funso lanu. Ngati mukuona kuti mtengo umene nyumba yanu yawerengeredwa ndi wokwera mopanda chilungamo, lamulo limalola kutsutsa mndandanda wa mitengoyo ukaikidwa poyera. Pamsika, musalole kupereka ndalama popanda chiphaso chodulidwa, ngakhale wotolera atakuchotserani pang'ono, pakuti ndalama yopanda chiphaso sifika ku khonsolo, ndipo chimbudzi cha pamsikapo chimakhala chomwecho.

Ndipo kwa amene akuona kuti angachite bwino kuposa amene alipo, khomo silinatsekedwe. Wofuna ukhansala ayenera kukhala ndi zaka 21, kukhala wolembetsa m'kaundula wa ovota, ndi kutha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutsatira zokambirana. Safunika chipani, angaime payekha. Matawale ili ndi aphunzitsi opuma, anamwino, amalonda ndi achinyamata otuluka ku University of Malawi amene amadziwa mavuto a dera lawo kuposa ambiri amene zipani zimatibweretsera.

Chisankho china cha meya chili m'njira makhansala omwewa asanamalize nthawi yawo, zaka ziwiri ndi theka zikakwana, chomwe ndi chaka cha 2028. Sipadzakhala kampeni ya m'misewu, sipadzakhala mzere kapena inki pachala. Makhansala adzavota mwachinsinsi, ndipo zokambirana zenizeni zidzachitika masabata a m'mbuyo mwake, m'nyumba za zipani ndi pa mafoni. Komiti ya chitukuko ya mu wodi, komiti ya msika wa Matawale kapena gulu lililonse la nzika lingathe kuitana khansala wake nthawiyo isanafike, n'kumufunsa pagulu kuti meya amene alipo wachita chiyani pa zinyalala, pa misewu ndi pa kutolera ndalama, kuti iye akufuna kuvotera ndani, ndiponso pa zifukwa ziti. Sakakamizidwa kuulula voti yake, koma adzalowa m'chipindamo akudziwa kuti anthu amene anamutuma afunsa, ndipo adzafunsanso akatuluka.